Kuchoka pa mutu wa mtengatenga kufika pa Sienta: mbiri ya msewu ndi mafuta kwathu kuno

 Ya leroyi ndi yaitali, ndiye amene bandulo yanu ndi yochepa werengani pang'onopang'ono, sikuthawa ayi.

Funso limene likutivuta alimi masiku ano ndi ili: zikutheka bwanji kuti phindu la dengu la tomato, limene walisamalira miyezi itatu m'dimba, lithere pa msewu wosakwana ndi ola limodzi lomwe? Inu a m'tauni mumati alimi tikudulitsa. Ife timati a magalimoto akutidyera masuku pamutu. A magalimoto amati si ife, ndi mafuta. Pamwamba pa izo pali nkhani ija ya kalabu yathu yofuna kugula galimoto, imene ena a inu a ku Naperi mwalonjeza kuponyapo kangachepe. Ndalama zisanatuluke m'thumba, tiyeni tiyitsate nkhaniyi kuchokera kuchiyambi, chifukwa vuto lonyamula katundu kuno ndi lakale kuposa galimoto imene.

Mishoni ya Blantyre itakhazikitsidwa mu 1876, katundu wa azungu ankabwera pa madzi: kukwera Zambezi, kulowa Shire, mpaka kwa Katunga kufupi ndi Chikwawa. Pamenepo sitima zinkathera, chifukwa kumtunda kwake kuli mathithi. Kuchoka apo chilichonse chinkakwera phiri pa mutu pa munthu. Nsalu, mchere, malata, zitsulo, zonse pa nkhata. Anthu amenewa ndi aja ankatchedwa amtengatenga, ndipo ambiri ankapita osati chifukwa chokonda koma kuti apeze ya msonkho. Kampani ya African Lakes, ija tonse timangoti Mandala, imene nyumba yake yosanja ya 1882 ikadalipo mpaka lero, inkadalira mitu ya anthu amenewa. Bwana iye ankagona m'machila, amuna akusinthana mapewa, thukuta kamukamu. Ndiye mukamati lole yoyamba kwathu kuno inali yanji, yankho lake ndi khosi la agogo athu. Mafuta ake anali mgaiwa ndi nyemba.

Boma la atsamunda litayamba mu 1891 pansi pa Harry Johnston, msilikali wina dzina lake Sclater anapatsidwa ntchito yokonza msewu wochoka ku Chikwawa, kukwera ku Blantyre mpaka ku Zomba, woti ngolo zizitha kudutsa. Kenako kunabwera njanji. Sitima ya pamtunda inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, kudzera ku Luchenza ndi Limbe. Limbe imene tikagulitsako ndiwo inakula chifukwa cha njanjiyo ndi fodya. Mlatho waukulu wa pa Zambezi unatha mu 1935, ndipo kuyambira pamenepo katundu ankachoka ku Beira mpaka ku Limbe osatsika m'sitima. Dzina la Beira limeneli lisungeni, tikumana nalonso.

Koma njanji sinkafika pamudzi. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, amuna zikwizikwi a m'dziko muno anatengedwanso utengatenga, kusenzera asilikali chakudya ndi zipolopolo kupita kumpoto, ndipo ambiri sanabwerere kwawo. Itatha nkhondoyo ndi pamene malole anayamba kuoneka kawirikawiri m'misewu ya fumbi, akunyamula fodya, tiyi ndi thonje. Ginnery Corner imene inu a ku Naperi mumadutsa tsiku ndi tsiku popita ku Queens, dzina lake linachokera ku makina opuntha thonje. Ngakhale mawu oti galimoto anabwera ndi apaulendo: akufanana ndi a Chiswahili, gari ndi moto, ngolo yoyendera moto. Ana athu anawatenga mawuwo n'kuwapatsa zidole zawo za mawaya, ndipo kwa zaka zambiri galimoto ya mawaya ndiyo yokha imene mwana wa mlimi ankagwira chiwongolero chake.

Mabasi enieni anayamba ndi Nyasaland Transport Company mu 1947, imene titalandira ufulu inasanduka United Transport Malawi, UTM. Achikulire mukukumbukira: basi inali ndi nthawi yake, tikiti yake, ndi inisipekita wokwera mwadzidzidzi panjira. Pamwamba pake pankakwera njinga, matumba a chimanga, nkhuku m'chitatanga. Depoti ya ku Blantyre timaitcha Wenela chifukwa cha kampani ija inkalemba anthu opita ku migodi ya ku Joni. Ndege yawo itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu anaimitsa kulemba anthu, koma dzina linatsalira pa depoti. Amene ankabwerako ku Joni sankabwera ndi galimoto ayi. Ankabwera ndi njinga ya Humber kapena Raleigh, sutikesi ndi wailesi. Njinga yakapalasa ndiyo inali galimoto ya kumudzi, ndipo kunena zoona mpaka lero ndiyo imatulutsa ndiwo zambiri m'madimba kukafika pamsewu.

Ku tauni nakonso si onse ankakwera. Naperi ndi amodzi mwa malo akale amene anamangira anthu akuda ogwira ntchito m'tauni nthawi ya atsamunda, ndipo ubwino wake unali woti munthu ankatha kuyenda wapansi kupita ku ntchito. Chipatala cha Queens chitatsegulidwa mu 1958 chinali pakhomo pomwepo. A ku Ndirande ndi a ku Zingwangwa ankalawira m'mamawa mzere ndondondo ngati linthumbu. Galimoto pa mzere wonse wa nyumba ikakhalapo inali imodzi, mwina ya boma ya nambala ya MG. Ndipo Kamuzu akamadutsa, msewu waukulu uja unkatchedwa Kamuzu Highway, lero Masauko Chipembere Highway, unkatsekedwa nthawi ikadalipo, aliyense n'kuima pambali.

Magalimoto a nthawi imeneyo anali a mtundu wina. Bedford, Land Rover, Peugeot 404 ndi 504, Datsun 120Y, ndi kapikapu ka Datsun 1200 kamene kankasenza ngati bulu. Malole akale batire ikafooka ankawaliza ndi handulo, kupukusa kutsogolo, ndipo ukapanda kusamala inkabweza n'kukuthyola dzanja. Ikafa panjira dalaivala ankatsegula boneti, kupukuta mapulagi, kukhula mapointi, kuuzira mu kabureta, basi yadzuka. Thanki ikabooka ankamata ndi sopo mpaka kukafika ku galaja. Inkamwa mafuta inde, inkafuka utsi inde, koma munthu wa sipanala, pulayala ndi waya ankaikonza pansi pa mtengo wa mango. Mfundo imeneyi ndi yofunika tikafika pa magalimoto a lero.

Nanga mlimi ankanyamula bwanji mbewu zake? Apa ndi pamene achinyamata ambiri sadziwa. ADMARC itakhazikitsidwa mu 1971 m'malo mwa Farmers Marketing Board, misika yake inali pafupi ndi midzi. Mlimi ankasenza kapena kukankha pa njinga mpaka pa sikelo, kwinako inali ntchito ya malole a bungwelo. Mitengo yake inali yotsika, alimi ankadandaula, koma mutu wa mafuta sunali wawo. Kuyambira 1987 boma linalola anthu wamba kugula mbewu, misika yambiri ya ADMARC inatsekedwa, ndipo pang'ono ndi pang'ono katundu wa mayendedwe anagwera mlimi mwini, kapena venda amene amachotsera mlimi yemweyo pa mtengo. Ife a ndiwo zamasamba ndiye tinalibe ADMARC chiyambire. Tomato wathu wakhala akudzilipirira yekha ulendo.

Tsopano za mafuta. Dziko lathu lilibe chitsime cha mafuta, lilibenso doko. Dontho lililonse limene limalowa mu thanki lagulidwa ndi madola ndipo layenda mtunda wautali. Kale ankabwera pa njanji kuchokera ku Beira, ndipo mu 1970 anatsegula njanji ina ya ku Nacala. Njira ziwirizi zinali zazifupi ndi zotchipa. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique itakula, pofika pakatikati pa zaka za m'ma 1980 njanji zonse ziwiri zinali zitaduka. Katundu anayamba kuzungulira: wina kuchokera ku Durban kudzera ku Zimbabwe ndi Tete, kumene malole ankayenda pa mdipiti moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe mpaka kufupi ndi Mwanza, wina kudzera ku Zambia, wina kuchokera ku Dar es Salaam kudzera ku Mbeya ndi Karonga, ulendo wa makilomita oposa 1,500 kuti afike ku Blantyre. Madalaivala ena anasiya moyo pa msewu wa Tete. Mtendere unasainidwa ku Rome mu 1992, koma chizolowezi chonyamula mafuta pa mathanki a pamsewu chinatsalira, ndipo thanki ya pamsewu ndi yodula kuposa sitima.

M'mavuto momwemo munatuluka nzeru imodzi imene alimi tiyenera kunyadira. Mu 1982 fakitale ya ETHCO ku Dwangwa inayamba kutcheza ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe popanga shuga, n'kumasakaniza ndi petulo. Mu 2004 PressCane inayambanso ntchito yomweyo ku Chikwawa. Ndiye petulo amene mumamwetsa ku Kamba kapena ku Kudya ali ndi gawo la munda mkati mwake, kachasu wa galimoto tingotero. Ndife amodzi mwa mayiko oyambirira mu Africa kuchita zimenezi. Koma dziwani kuti ethanol amakoka chinyontho. Galimoto yoima miyezi ndi thanki yosadzaza, kapena petulo wosungidwa m'chigubu chosatseka bwino, amalowa madzi. Amene muli ndi mapampu othirira a petulo m'madimba, musamasiye mafuta m'kathanki dzinja lonse.

Patapita nthawi msewu wa Zalewa unaikidwa phula. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, ulendo wa phula wochoka ku Blantyre unkazungulira ku Zomba, Liwonde ndi Balaka. Wa Zalewa unadula mtunda, moti lero Blantyre ndi Lilongwe ndi makilomita oposa 300 pang'ono. Msewu wabwino ndi mafuta osungidwa, zimenezo musakayike. Ndi chifukwa chake ndalama zimene timalipira pa zipata za pa Chingeni, chimene chinatsegulidwa mu 2021, ndi pa Kalinyeke ku Dedza, tili ndi ufulu wofunsa kuti zakwirira maenje angati.

Mu 1989 kampani ya ku Scotland ya Stagecoach inagula UTM. Inu a ku Naperi ndi ku Chilomoni mukukumbukira mabasi osanja aja, ana akulimbirana kukakhala pamwamba kutsogolo. Panali Cityline ya m'tauni ndi Coachline ya mabwana yopita ku Lilongwe. Stagecoach itachoka inasanduka Shire Bus Lines, imene nayo inadzatha. Chinaipha n'chiyani? Mwa zina, ndi ufulu wa malonda umene unabwera ndi matipate mu 1994. Aliyense wokhala ndi kandalama anagula minibasi. Hiace, Vanette ndi Bongo zinadzaza Limbe ndi Blantyre, makondakitala akulendewera pachitseko, oitanira akukuwa Bangwe, Machinjiri, Ndirande, anthu folofolo pa mpando mpaka boma linadzalamula kuti azikhala atatu. Minibasi sinkadikira nthawi, inkadikira kudzaza. Kumidzi kumene basi inasiya kufika kunalowa matola, pikapu kapena kalole, anthu pamwamba pa matumba. Chaka chomwecho cha 1994 kwacha inasiyidwa kuti iziyandama, ndipo kuyambira pamenepo mtengo wa mafuta ndi wa dola anakhala ngati mapasa.

Kenako kunabwera magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito a ku Japan. Zinatiyendera chifukwa ku Japan amayenda kumanzere ngati ife, chiwongolero kudzanja lamanja. Poyamba anthu ankakatenga ku Durban, kenako ambiri anatembenukira ku Dar es Salaam, kusankha pa intaneti n'kukaidikira pa Songwe. Msonkho wake umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, n'chifukwa chake tadzaza ndi tating'onoting'ono: Vitz, Passo, Mira, Sienta. Mphunzitsi, namwino, kalaliki, onse anayamba kuyendetsa. Nyumba za ku Naperi zimene anamanga osaganizira za galimoto, lero mpanda uliwonse uli ndi geti lalikulu. Sienta inalanda anthu a minibasi monga minibasi inalandira basi, ndipo pano njinga zamoto za kabaza zikulanda onse. Chilichonse chimene chabwera chakhala chaching'ono kuposa chimene chinachokacho, ndipo chaching'ono chimanyamula katundu wochepa pa lita. Mlimi wa madengu khumi ndi amene waluza pa kusinthaku.

Chaka cha 2011 palibe woyendetsa galimoto amene angachiiwale. Fodya sanagulidwe bwino, boma la Bingu wa Mutharika linayambana ndi mayiko otithandiza mpaka kuthamangitsa kazembe wa Britain, madola anasowa, mafuta anauma. Anthu ankagona pa mizere masiku awiri atatu, mphekesera ikangomveka kuti thanki yalowa, tauni yonse liwiro. Pa 20 July kunachitika ziwonetsero ndipo anthu pafupifupi 20 anafa m'dziko muno. Ndi nthawi imene chigubu chinasanduka mfumu. Mafuta a m'zigubu ndi m'mabotolo, ena ochokera ku Mozambique, ankagulidwa pa mtengo woboola m'thumba, ena atasakanizidwa ndi palafini, ena ndi madzi ndi zinyalala. Kuno kumudzi tomato anaolera m'madengu pamsewu, zigayo za dizilo zinaima, pamene inu m'tauni mumagula ndiwo modula. Mu May 2012 boma la Joyce Banda linagwetsa kwacha kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola, mafuta anabwerera pa mapampu, koma pa mtengo watsopano.

Boma linali litakhazikitsa NOCMA mu 2010, ndipo pambuyo pake anamanga nkhokwe za mafuta pa Matindi kuno ku Blantyre, ku Kanengo ndi ku Sonda ku Mzuzu, zokwana malita 60 miliyoni zonse pamodzi. Koma ife alimi tikudziwa kuti kumanga nkhokwe ndi kwina, kuidzaza ndi kwina. Mizere inabweranso mu 2022, 2023 ndi 2024, chifukwa chake chomwechija, madola. Mu November 2023 kwacha inagwanso ndi 44 peresenti. Mtengo wa pa pampu amalengeza ndi a MERA, koma chimene chimaukankha ndi mtengo wa mafuta kunja, mphamvu ya kwacha, mtunda wochokera ku doko, ndi timisonkho timene amaikapo, kuphatikizapo ka misewu. Nkhani yabwino ndi yoti mafuta ena ayambanso kubwera pa sitima kuchokera ku Nacala, njira imene agogo athu ankaidziwa kale.

Tsopano tiyeni tione misewu yathu itatu, kukongola kwake ndi zimene imachita kwa galimoto, chifukwa galimoto ya kalabu idzayenda momwemu.

Woyamba ndi wa Chikwawa, mdzukulu wa njira ya amtengatenga ija. Ukachoka ku Naperi, kudutsa Milare, Chadzunda ndi Madziabango, umafika pamene dziko limatseguka: Shire ali pansi apo akupindikapindika ngati njoka, chigwa chonse mbee mpaka maso kutopa. Blantyre ili pamwamba mamita pafupifupi 1,000, Chikwawa ili pansi penipeni, ndipo kutsika konseko kumachitika pa mtunda waufupi kukafika pa Thabwa. Apa ndi pamene chinyengo chopulumutsa mafuta chimapha anthu. Dalaivala amachotsa giya kuti galimoto izingotsetsereka, ena mpaka kuzimitsa injini. Mabuleki akagwira okha mtsetse wonsewo amatentha, amanunkha, kenako phazi limangolowa pansi. Ukazimitsa injini buleki imalimba ndipo chiwongolero chimauma. Ndiponso magalimoto a masiku ano ukawasiya mu giya n'kuchotsa phazi pa moto, kompyuta imadula yokha mafuta, moti wochotsa giya sapulumutsa kanthu. Lamulo la madalaivala akale a malole linali labwino: tsika ndi giya imene ungakwerere. Pobwerera, wadzaza mbuzi kapena chimanga cha kudimba, chitunda chomwecho chimawiritsa injini. Ikawira imani, idikireni izizire. Osatsegula chitsekero cha rediyeta ikadali yamoto, nkhope ndi imodzi.

Wachiwiri ndi wathuwu, Limbe, Chigumula, Bvumbwe, Thyolo, Luchenza mpaka Mulanje ndi Muloza. Kukongola ndiye palibe wotiposa. Ukangodutsa Thunga minda ya tiyi yayala ngati mphasa yobiriwira, ndipo kukacha bwino phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi mamita 3,002, limaoneka ngati ulikhudza. Ofuna kufulumira amadzera wa Midima, umene anautsegula mu 2006 n'kuupatsa dzina la Robert Mugabe, ngakhale anthu timangoti Midima. Vuto la msewu wathu ndi makona, njinga zosenza madengu, ndi chifunga cha chiperoni mu June ndi July, pamene sutha kuona ngakhale ng'ombe ili pamphuno. Koma chimene chimapha galimoto si phula ayi, ndi makilomita ochepa aja ochoka pa phula kulowa kumudzi. Inu a m'tauni mukabwera ku maliro kapena ku chinkhoswe pa kagalimoto kogwada, mutadzaza anthu asanu ndi thumba la ufa, pansi pake pamakhula mwala. Sampu ikabooka oyilo amatha mwakachetechete, kagetsi kofiira kayaka, inu n'kumati tifike kaye. Kufika kwake injini yagwira. Kagetsi ka oyilo kakayaka, zimitsani pomwepo. Ndipo nthawi ya mvula isiyeni pa sitolo pamsewu, tidzakuchingamirani ndi njinga, si zamanyazi.

Wachitatu ndi wa Zomba, kudzera Mapanga, Njuli, Mbulumbuzi, Namadzi ndi Thondwe, makilomita osapitirira 70, phiri la Chiradzulu likukuperekeza kudzanja lamanja. Amene muli ndi mpata kwerani mpaka Ku Chawe mukaone Chilwa ndi Mulanje muli pamwamba. Msewu umenewu ataukonzanso unasalala, ndiye umanyenga phazi. Galimoto ikapitirira liwiro la 80 kapena 90 imayamba kulimbana ndi mphepo ndipo imamwa mowirikiza. Wothamanga 120 amafika msanga ndi mphindi zochepa, koma walipira malita, ndipo pa tsiku la msika pa Thondwe kapena pa Mbulumbuzi waika miyoyo ya anthu pa chiswe.

Tisaiwalenso kuti msewu umatha tsiku limodzi. Namondwe Freddy mu March 2023 anagumula Soche pamwamba pa Chilobwe, pafupi ndi inu pomwepo, n'kudula milatho ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Midzi ina inabwerera pa mutu ndi nkhata kwa milungu. Utengatenga sunapite patali, umangodikira mlatho ugwe.

Ndiye mbiri yonseyi ikutiuza chiyani pa galimoto ya kalabu? Walira mvula walira matope. Kugula ndi tsiku limodzi, kudyetsa ndi tsiku lililonse.

Choyamba, tisankhe poyang'ana msewu wathu ndi katundu wathu, osati kuwala kwa penti. Ikhale yokwera pansi, ya masipuling'i olimba, ya giya ya pamanja. Tisanapereke ndalama, wina apite ku Limbe ndi ku Ndirande akafunse ngati zipangizo zake zimapezeka ndi mitengo yake: mafyuluta, mabuleki, kilatchi, mashokapu. Galimoto za lero si Bedford, zili ndi kompyuta ndi masensa, ndipo makaniko wongoyerekeza amasintha ichi ndi icho mpaka thumba kuuma. Zambiri zazing'onozi zili ndi giyabokosi yodzisintha yokha imene imafuna oyilo wakewake. Ukathira wina uliwonse yapita. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, kamwedwe kake tiziyeza, osamvera za pakamwa. Dzazani thanki mpaka pakamwa, lembani makilomita, yendani, dzazaninso, gawani. Mwayenda 300 yamwa malita 30, ndiye kuti lita imodzi ikuyenda makilomita 10. Mwezi wina ikatsika kufika pa 8, pali chimene chalakwika: matayala aphwa, fyuluta ya mpweya yatsekeka ndi fumbi lathu lofiirali, buleki ikugwira, kapena pali paipi imene ikuyamwa usiku. Kabuku kakhale m'galimoto, ndipo wosunga kabuku asakhale dalaivala.

Chachitatu, isayende yopanda kanthu. Ipite ndi tomato ndi kabichi wa anthu asanu pa ulendo umodzi, itsitse ku Limbe, ku Kamba ndi ku Zingwangwa, ibwere ndi madeya a ng'ombe za mkaka, feteleza kapena simenti ya munthu wolipira. Inu a ku Naperi mungatithandize kuposa ndalama: tipezereni ogula okhazikika, kuti galimoto izinyamuka ikudziwa kopita, osati kuzungulira tauni ikuwotcha mafuta kusaka msika. Koma kudzaza kukhale ndi malire. Katundu wopyola muyezo amadya matayala ndi masipuling'i, ndipo phindu la madengu awiri owonjezera limathera pa tayala limodzi.

Chachinayi, mafuta a m'zigubu ayi, makamaka ngati tigula ya dizilo ya makono, chifukwa pampu ndi manozo ake sizikhululuka madzi ndi palafini. Mafuta akasowa ndi bwino iime masiku atatu kusiyana n'kuima chaka. Pa ulendo uliwonse tizipatula kandalama ka matayala, oyilo, inshuwalansi ndi COF tisanagawane kalikonse.

Chachisanu ndi chovuta kuchinena koma ndinena. Galimoto ya pamudzi imasanduka ambulasi, imasanduka yonyamula maliro, imasanduka ya ukwati wa mwana wa amfumu. Palibe amene angakane mayi wodwala pakati pa usiku, ndipo tisadzakane. Koma tigwirizane lero, pamaso pa mafumu, n'kulemba: pa matenda mafuta athira ndani, pa maliro athira ndani, pa ukwati alipira zingati. Magalimoto ambiri a magulu sanafe ndi msewu, anafa ndi manyazi okana m'bale.

Agogo athu analipira ulendo ndi khosi, makolo athu ndi mitengo yotsika ya pa sikelo, ife tikulipira ndi dola imene sitinaionepo. Za ku Beira ndi ku Nacala sitingazisinthe tili ku Bvumbwe, koma mpweya wa m'tayala, phazi la dalaivala ndi kabuku ka malita zili m'manja mwathu. Akuluakulu amene munayendetsapo za UTM kapena malole a ADMARC, bwerani ku msonkhano wa kalabu Loweruka masana pa sukulu, mudzatiuze zimene mukudziwa. A ku tauni amene simutha kufika, tumizani maganizo anu kudzera kwa mlembi lisanafike Lachisanu. Mvula ikangoyamba msewu wa kudambo uja sudutsika, ndiye chisankho chichitike mwezi uno.